Kusakaniza perefyumu wa lavenda wa fungo la zitsamba ndi kumuyesa ola ndi ola

Lavenda sachedwa kuthawa pakhungu. Mukadontheza mafuta ake okhaokha padzanja mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira, pakatha ola limodzi kapena awiri fungo lasukuluka. Dontho lomwelo ku Ulongwe kapena ku Tsangano mwezi wa Juni limakhalitsako chifukwa cha kuzizira, komabe silifika madzulo. N'chifukwa chake perefyumu wabwino wa lavenda sakhala lavenda yekha. Amafuna omutsogolera, omuperekeza, ndi ena omugwira miyendo kuti asathawe. N'chifukwa chakenso simungamuweruze pa kamphindi kamene mwaima pabenchi ya wogulitsa kumsika, mphuno ili pachivundikiro. Chimene mwamva pamenepo ndi moni chabe, nkhani yeniyeni ili m'tsogolo.

Malangizo awa ndi a botolo la mamililita 30. Kayesedwe kamene kali kumapetoku kamagwiranso ntchito pa perefyumu aliyense wa lavenda amene mwagula wopanga kale.

Dziwani kaye lavenda amene muli naye

Pa mabotolo olembedwa Chipwitikizi mupeza dzina lakuti lavanda kapena alfazema, koma dzina limenelo silikuuzani zambiri. Funani dzina la Chilatini, lomwe limalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono.

Lavandula angustifolia ndiye lavenda weniweni, wolimidwa kwambiri ku Bulgaria ndi kudera la Provence ku France. Fungo lake ndi lofewa, lotsekemera pang'ono, lamaluwa koma losaiwala kuti ndi chitsamba. Mbali yaikulu ya mafuta ake ndi zinthu ziwiri, linalool ndi linalyl acetate, ndipo zonsezi ndi zopepuka. Apa ndi pamene pagona kuthawa kwake kuja.

Lavandula x intermedia, amene amatchedwa lavandin, ndi mwana wa lavenda weniweni ndi mtundu wina wotchedwa Lavandula latifolia. Amabereka mafuta ochuluka, motero ndi wotchipa, ndipo ndi amene amathiridwa kawirikawiri mu sopo ndi m'mankhwala okolopera. Ali ndi camphor wambiri. Mukamununkhiza mumva kenakake kolasa mphuno ngati masamba a bulugamu ofikisa m'manja. Si woipa ayi. Perefyumu wa fungo la zitsamba amamufuna, koma pang'ono ngati tsabola mu ndiwo.

Mafuta enieni a lavenda amadula chifukwa makilogalamu 100 a maluwa amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi yokha ya mafuta. Botolo lalikulu la mtengo wa chakumwa chimodzi likhale lokukayikitsani. Liyeseni motere: donthezani dontho limodzi papepala loyera, lisiyeni pamthunzi tsiku lathunthu. Mafuta enieni a lavenda amauluka onse, pepala n'kutsala louma. Pakatsala chizindikiro chonyezimira ngati pomwe panagona chitumbuwa, athiramo mafuta ena owonjezera. Kuyesa kumeneku sikugwira pa vetiva, patchouli ndi cedarwood, chifukwa amenewo ndi olemera ndipo amasiya banga ngakhale ali enieni. Onetsetsaninso kuti palembedwa óleo essencial kapena essential oil. Pakalembedwa fragrance oil ndiye kuti ndi fungo losakanizidwa kale m'fakitale, nthawi zambiri loyenera makandulo kapena sopo, ndipo miyezo ili m'munsiyi siligwirizana nalo.

Ena amafunsa ngati angathe kungoviika maluwa ouma a lavenda. Zimatheka, koma chotuluka ndi madzi obiriwira monkera ku bulawuni, onunkhira ngati udzu wouma, ofooka, ndipo amathimbiriritsa malaya. Kudzala lavenda kumapiri a Angónia kungayesedwe pamalo a dothi lamchenga losasunga madzi, poti chimene chimamupha ndi mizu kukhala m'chinyezi nthawi ya dzinja. Koma tchire la pakhonde silingakupatseni mafuta a botolo. Gulani mafuta.

Zofunika kukhala nazo

Mafuta awa kawirikawiri amachokera ku South Africa, ndipo odutsa ku Maputo, Beira, Blantyre kapena Lilongwe ndi amene angakubweretsereni. Mabotolo a mamililita 5 kapena 10 ndi okwanira kupangira mabotolo angapo a perefyumu. Muyezo wake ndi uwu, m'mamililita:

Otsogolera, omveka poyamba: bergamot wolembedwa FCF 0.6, rosemary 0.2, lavandin 0.4.

Apakati, omveka pambuyo pake: lavenda weniweni 1.8, clary sage 0.3, geranium 0.2.

Otsalira, okhalitsa pakhungu: cedarwood wa Atlas 0.6, vetiva 0.3, patchouli 0.1.

Onse pamodzi ndi mamililita 4.5. M'botolo la mamililita 30 amenewa ndi magawo 15 pa 100 aliwonse, mphamvu ya perefyumu wopepuka wotchedwa eau de toilette, koma wolimbako. Otsalawo, mamililita 25.5, ndi ethanol, spiriti wopanda mtundu wosungunulira mafutawa: 22.5 woyera ndi 3 woviikamo vanila.

Zilembo za FCF musazinyalanyaze. Bergamot wamba ali ndi chinthu chotchedwa bergapten, chimene chikakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa chimawotcha ndi kusiya mabanga akuda otenga miyezi kuti achoke. Dzuwa la kuno silichita nthabwala. FCF akutanthauza kuti chinthucho chachotsedwa. Mukasowa wotero, thirani mafuta a malalanje otsekemera, Citrus sinensis, muyezo womwewo. Fungo lisintha pang'ono, likhala losewera kuposa laulemu, koma khungu likhala pamtendere.

Vetiva ndi udzu womwe uja alimi amadzala pa akalozera kuti nthaka isakokoloke. Mafuta ake amachokera kumizu, ndipo amanunkhira dothi lonyowa ndi utsi wakutali. Iye ndi cedarwood ndiwo ogwira lavenda miyendo. Kusakaniza lavenda ndi fungo lotsekemera la pansi si kwatsopano. Mu 1882 kampani ya Houbigant ku Paris inatulutsa Fougère Royale, wa lavenda ndi coumarin, chinthu cha fungo lotsekemera, ndipo dzina lakuti fougère linasanduka la banja lonse la maperefyumu otere. Mu 1934 kampani ya Caron inatulutsa Pour un Homme, wokhazikika pa lavenda ndi vanila. Coumarin ndi wovuta kumupeza kuno, ndiye ife titsata njira ya vanila.

Vanila wake akhale nyemba yeniyeni, yakuda, youma koma yopindika osathyoka. Ing'ambeni m'litali, iduleni tizidutswa, iviikeni mu ethanol wa mamililita 50 m'botolo lagalasi lotseka bwino, ndipo muzigwedeza masiku ena kwa milungu 6. Ntchito imeneyi ndiyo yoyamba kuichita, poti ndi yochedwa kuposa zonse. Vanila wa m'timabotolo tothira mu keke sayenera: muli madzi ndi utoto, ndipo adzadetsa perefyumu yense. Nyembayo ikasoweka, ingothirani ethanol woyera mamililita onse 25.5. Perefyumu atuluka wouma fungo, wachimuna kwambiri, koma wosalakwika.

Ethanol ndiye amagwetsa ambiri. Ku farmácia funsani álcool etílico wa 96%. Wa 70% ali ndi madzi ochuluka, ndipo mafuta ndi madzi sagwirizana: perefyumu achita mbuu ngati madzi otsukira mpunga, kenako mafuta ayandama pamwamba. Spiriti wofiirira uja woyatsira moto ali ndi mankhwala apoizoni ndi fungo loipa, asayandikire khungu. Sanitayiza wa m'manja ali ndi zomatamata. Kachasu naye ayi, ngakhale wa mutu weniweni, chifukwa madzi ndi ambiri ndipo fungo lake silibisika, mudzangoyenda ngati mwachokera kumowa. Ethanol amene mwagula muyeseni: dontho papepala, dikirani mphindi imodzi, nunkhizani. Pasatsale fungo lililonse.

Zipangizo: masirinji atsopano opanda singano, imodzi ya mililita imodzi ndi ina ya mamililita 10, kabotolo kagalasi kakuda ka mamililita 10, botolo lagalasi la mamililita 50 lokhwimitsira, botolo lopopera la mamililita 30, pepala losefera khofi, kope ndi pensulo. Kuwerenga madontho kumanyenga, chifukwa dontho la vetiva ndi lalikulu kuposa la bergamot ndipo kamwa za mabotolo zimasiyana. Sirinji sinama.

Kasakanizidwe

Gwirani ntchitoyi m'mawa kukadali kozizira, zenera lili lotsegula, kutali ndi mbaula, kandulo, koloboyi ndi fodya. Ethanol wa 96% amayaka msanga ndipo lawi lake silioneka bwino masana.

1. Tsukani mabotolo onse ndi ethanol pang'ono, muwasiye aume. Kadontho ka madzi kotsalira kamayambitsa mbuu uja. Botolo lomwe munali perefyumu wina lisiyeni, chifukwa kapaipi ka chopopera kamasunga fungo lakale ngakhale mutsuke kangati.

2. Lembani muyezo m'kope musanatsegule botolo lililonse, ndipo muzichonga mafuta aliwonse mukangothira. Wina akakuitanani pakati pa ntchito simudzakumbukira ngati rosemary mwathira kale.

3. Yambani ndi otsalira m'kabotolo kakuda: cedarwood, vetiva, patchouli. Vetiva ndi wokhuthala ngati uchi. Kukazizira, monga ku Dómuè m'mwezi wa Julayi, fumbatani botolo lake m'manja mphindi zingapo kuti ayende. Mukamaliza mafuta amodzi, kokani ethanol m'sirinji n'kumutayira m'kapu kawiri musanapite ku ena. Mukapanda kutero botolo lanu la lavenda lidzayamba kununkhira patchouli, ndipo zimenezo sizibwezeka.

4. Thirani apakati, kenako otsogolera. Kunena zoona, m'botolo zonse zimakasakanikirana ndithu ngakhale mutayambira kumapeto. Ubwino woyambira pansi ndi wakuti mumanunkhiza pa gawo lililonse ndi kuphunzira chimene mafuta aliwonse awonjezera.

5. Tsekani, gubuduzani kabotolo pakati pa zikhato, kasiyeni pamdima masiku 3.

6. Tsanulirani mafutawo m'botolo la mamililita 50. Thirani ethanol wina m'kabotolo kakuda kaja, gwedezani, tsanulirani komweko kuti pasatayike kanthu. Onjezerani ethanol wotsala mpaka akwane 22.5, kenako mamililita 3 a vanila wosefa. Tsekani, gwedezani mphindi imodzi, matani kapepala ka tsiku.

Sirinji musaisiye ndi mafuta m'kati. Amadya labala yake ndi kufufuta manambala.

Kukhwima

Tsiku loyamba perefyumu amanunkha ethanol, ndipo mafuta aliwonse amafuula paokha. Ali ngati mowa wamasese woti sunapse: zonse zilimo, koma sizinamvane. Musiyeni milungu 4 pamalo a mdima ndi ozizira, ndipo muzimugwedeza kamodzi pa mlungu. Ku Angónia kabati ya kuchipinda ndi yokwanira. Ku Tete ndi ku Moatize, m'nyumba ya malata, muikeni m'katoni pansi pa bedi, pasimenti, mbali yomwe khoma silimenyedwa ndi dzuwa lamadzulo. Musatsegule tsiku ndi tsiku. Kutsegula kulikonse kumalowetsa mpweya ndi kutulutsa bergamot.

Milungu 4 ikatha, yang'anani botolo moyang'anitsa kuwala. Ngati muli kachifunga kapena tinyenyeswa, ligonekeni mu fuliji usiku umodzi, m'mawa musefe likadali lozizira, pa pepala la khofi lomwe mwayamba mwalinyowetsa ndi ethanol. Kenako tsanulirani m'botolo lopopera.

Musanamupopere thupi lonse, pakani pang'ono m'kati mwa chigongono ndipo mudikire masiku awiri. Pakafiira, pakayabwa kapena pakatuluka totupa, perefyumu ameneyo si wanu. Amayi oyembekezera afunse kaye kuchipatala, ndipo makanda asapoperedwe.

Kumuyesa: apa ndi pofunika kudekha

Sankhani tsiku lomwe mulibe chimfine ndipo simukukazinga anyezi kapena usipa. Sambani ndi sopo wopanda fungo lamphamvu, musadzole mafuta onunkhira. Dulani pepala lokhuthala loyera, losanyezimira, m'timizere ta sentimita imodzi m'lifupi ndi masentimita 12 m'litali. Muyesa malo atatu nthawi imodzi: kapepala, khungu la pamene pamakhala wotchi, ndi kansalu ka chitenje chakale chochapa. Poperani kamodzi pa chilichonse, botolo lili patali ngati kutalika kwa chikhato, ndipo lembani nthawi.

Musafikise manja. Kufikisa kumatenthetsa khungu ndi kuthamangitsa otsogolera musanawamve. Dikirani theka la mphindi kuti ethanol auluke, apo ayi alasa mphuno n'kuigonetsa. Nunkhizani mofupikitsa kawiri kapena katatu, osati kukoka mpweya wautali, kenako chotsani dzanja. Mphuno imazolowera fungo msanga kwambiri, ndipo ikazolowera imakuuzani kuti latha pamene likadalipo. Ikatopa tulukani panja kapena nunkhizani mkono wa malaya anu wosapopera. Zonunkhiza khofi zija sizofunikira, mpweya wabwino ndi wokwanira.

Mphindi 15 zoyamba ndi za otsogolera. Bergamot amabwera wowala, wowawasa pang'ono ngati khungu la ndimu yosapsa, rosemary ndi lavandin ali pambuyo pake ndi kuzizira kwawo kwa bulugamu. Apa ndi pamene perefyumu amamveka ngati chitsamba chothyoledwa kumene, chofanana ndi dzanja lomwe lapululako mpungabwi m'mbali mwa njira. Funso lake ndi ili: kodi kulasako kukutsitsimula kapena kukukumbutsani mankhwala opaka pachifuwa? Pakati pa ziwirizi pali madontho ochepa chabe a lavandin. Pa tsiku lotentha m'chigwa cha Zambezi gawo limeneli likhoza kutha pa mphindi 5, ndiye musachoke pamalopo.

Kuyambira mphindi 15 mpaka maola awiri ndi nthawi ya mwini dzina. Kulasa kumatsika, lavenda weniweni amaonekera, wofewa ndi waukhondo ngati nsalu yanulidwa kumene padzuwa. Clary sage amamupatsa kafungo ka tiyi wouma ndi udzu wofoleredwa chatsopano, ndipo poti naye ali ndi linalyl acetate wambiri, amatalikitsa moyo wa lavenda popanda kumusintha nkhope. Geranium amabweretsa kaduwa kobiriwira kumbuyo. Sayenera kumveka payekha. Mukatha kumuloza kuti uyu ndi geranium, wachuluka. Nunkhizani pa mphindi 30, pa ola limodzi, ndi pa maola awiri, ndipo nthawi iliyonse lembani mawu atatu okha a chimene mukumva. Mawu ake akhale a zinthu zimene mumazidziwa: sopo, utuchi, ndimu, dothi, utsi, uchi. Kulemba kuti "akununkhira bwino" sikudzakuthandizani pokonza botolo lachiwiri.

Gawo limeneli ndilo loweruzira perefyumu wa lavenda. Wofooka amadumpha kuchoka pa kulasa kwa poyamba n'kugwera pa mitengo ya pansi, pakati pali bii. Wabwino amatsika pang'onopang'ono ngati msewu wochokera ku Zóbuè kupita ku Moatize, moti simudziwa pomwe bergamot wathera ndi pomwe lavenda wayambira.

Pa ola loyamba lomwelo yesani kutalika kwa fungo. Inu simungadziyese nokha, mphuno yanu yazolowera. Itanani munthu amene sanali m'chipindamo, aime mapazi awiri kuchokera pa inu, mumufunse kuti, "Alamu, mukumvapo kanthu apo?" Akakana, asendere mpaka kutalika kwa mkono. Musamuuze kuti muli lavenda, angakuyankheni zokukondweretsani. Eau de toilette wotere akamveka pa kutalika kwa mkono ola loyamba, wakwanitsa ntchito yake. Womveka kuchokera kumpando wakutsogolo wa minibasi mpaka wakumbuyo ndi chilango kwa anzanu.

Kuyambira maola awiri mpaka 6 kumatsala otsalira. Cedarwood amamveka ngati thabwa lopala kumene, vetiva ngati dothi la mvula yoyamba, vanila amafewetsa zonse. Lavenda pano ndi mthunzi chabe, koma mthunziwo uyenera kukhalapo. Mukanunkhiza pa maola 4 n'kumva mitengo yokhayokha popanda chokukumbutsani poyambira, otsalira amumeza.

Mawa lake m'mawa nunkhizani kapepala ndi kansalu. Pakhungu padzakhala patatha, koma pansalu fungo limagona, chifukwa nsalu situtha thukuta ndipo si yofunda ngati thupi. Chimene chatsala pakapepala ndiwo mafupa a perefyumu wanu. Chikakhala chokoma, maziko ali bwino.

Kuyesa kumodzi sikukwana. Bwerezani tsiku lotentha ndi tsiku lozizira, komanso pakhungu la anthu awiri. Khungu louma limataya fungo msanga kuposa lonona, ndipo nyengo ya mphepo ya Juni ndi Julayi, khungu likachita mbuu, kusiyana kwake kumakhala kwakukulu. Kudzola kaye mafuta opanda fungo pamalo opoperapo kumawonjezera nthawi ndithu. Kuzizira fungo limakhalitsa koma limamatirira pathupi. Kutentha limafalikira kutali koma limatha msanga. Motero wokhala ku Furancungo ndi wokhala ku Matundo akhoza kutsutsana tsiku lonse za botolo limodzi, onse akunena zoona.

Zikalakwika

Akununkhira ngati pansi pokolopa. Lavandin ndi rosemary achuluka, kapena amene munagula ngati lavenda weniweni ndi lavandin. M'botolo lotsatira tsitsani lavandin afike 0.2 ndi rosemary 0.1, malo awo mupatse lavenda weniweni. Botolo lomwe lilipoli lingapulumuke mukawonjezera 0.2 ya cedarwood ndi mililita imodzi ya vanila, n'kulisiyanso milungu iwiri.

Akutha pasanathe ola. Yambani mwafunsa wina, mwina ndi mphuno yanu yagona. Ngati wathadi, musathamangire kuwonjezera lavenda, chifukwa lavenda wambiri amangofuula kwambiri n'kuthawa nthawi yomweyo. Onjezerani ogwira miyendo: cedarwood afike 0.8, vetiva 0.4. Kapena muzipopera pa malaya m'malo mwa khungu, koma osati oyera, poti vanila ndi patchouli amasiya kabanga kachikasu.

Akumveka matope, wolemera, wachinyezi ngati chipinda chotsekedwa dzinja lonse. Patchouli kapena vetiva wapitirira. Amenewa sachotseka. Njira yokha ndi kupanga muyezo wina wopanda otsalira, n'kuphatikiza mabotolo awiriwo.

Wachita mbuu. Madzi alowa, kudzera mu ethanol wofooka kapena botolo lonyowa. Onjezerani ethanol wa 96% mililita imodzi imodzi, mukugwedeza, mpaka ayere. Akakana kuyera mutawonjezera mamililita 5, vuto ndi mafuta osakanizidwa ndi mafuta ena osasungunuka mu ethanol, ndipo mudzawaona atapatukana pansi kapena pamwamba.

Wayamba kuwawasa, kulasa moipa, kapena kuyabwa pamene kale sankayabwa. Mpweya, kuwala ndi kutentha zamuwononga. Linalool akakhalitsa ndi mpweya amasanduka zinthu zoputa khungu, ndiye mafuta okalamba ndi amene amayabwa kuposa atsopano. Botolo losiyidwa pawindo kapena m'galimoto yoimikidwa padzuwa silitenga nthawi. Lotero litayeni. Mafuta a bergamot ndi a malalanje agwiritseni ntchito chisanathe chaka mutatsegula, ndipo ngati muli ndi fuliji muziwasunga momwemo. A lavenda amatha zaka ziwiri kapena zitatu ali otseka bwino pamdima. Vetiva ndi patchouli okha ndi amene amakoma akamakalamba.

Posintha muyezo, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo muyese pa kabotolo kakang'ono: tengani mamililita 5 a perefyumu, thiranimo dontho limodzi la chimene mukuganiza kuti chikusowa, dikirani mlungu, muyerekeze ndi wosasinthayo pa timapepala tiwiri. Mukasintha zitatu pamodzi n'kukoma, simudziwa chakometsa.

Kwa osowa ethanol

Mafuta osakaniza aja a mamililita 4.5 akhoza kulowa m'mafuta a jojoba kapena a kokonati amadzimadzi olembedwa fractionated. Thirani mililita imodzi m'kabotolo ka mamililita 10 kokhala ndi kampira pakamwa, dzazitsani ndi jojoba, dikirani milungu iwiri. Vanila wa mu ethanol musathiremo, sasakanikirana. Mafuta ophikira, kaya a mpendadzuwa kaya a mtedza, amavunda ndi kutentha n'kuyamba kununkha chiwaya chakale. Perefyumu wa mafuta sapita kutali ndipo otsogolera ake amamveka motsika, koma amauluka mochedwa, ndiye m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ku Tete gawo la lavenda lapakati lija limakhalitsa kuposa la wopopera. Pakani kumbuyo kwa makutu ndi m'kati mwa zigongono, malo amene dzuwa silifikako, ndipo kabotolo kaziyenda m'thumba la chikwama, osati m'thumba la buluku momwe mumafunda tsiku lonse.